Chikomekome cha Mkuyu: Za Bodza la pa Malonda

Mau a pa wailesi, Lamulungu la 25 la pa Chaka, Chaka C
Mawerengo: Amosi 8, 4-7, 1 Timoteo 2, 1-8, Luka 16, 1-13



Tikulankhula nanu kuchokera kuno ku Dwangwa, pa nyengo imene nzimbe zikudulidwa. Usiku tikuona moto m'minda, masana mathirakitala akupita ku fakitale atadzaza, ndipo m'matumba mwa anthu ambiri muli kangachepe. Chiyambire chaka cha 1979, pamene fakitale ya shuga idayamba kugaya, dera lino lakhala malo a ndalama. Alimi a nzimbe, antchito a pa esiteti, asodzi a ku Ngala, alimi a mpunga, onse ali ndi mwezi wao wolandira. Tsono pamene pali ndalama, amalonda sachedwa kufika. Zimenezi sizoipa ai, pakuti malonda ndi ntchito yolemekezeka. Koma mawerengo a lero akutikumbutsa kuti Mulungu amayang'ana pa msika monga momwe amayang'anira m'tchalitchi.

Amosi adali mbusa wa nkhosa wa ku Tekowa, ndipo adalalika ku Israele pa nthawi ya mfumu Yerobowamu wachiwiri, zaka zoposa 700 Ambuye Yesu asanabadwe. Dziko lidali pa mtendere ndipo malonda ankayenda bwino. Amalonda amene iye adawadzudzula sadali anthu akunja. Ankasunga Sabata, ankatseka masitolo ao pa tsiku la chikondwerero. Koma ali chikhalire m'mapemphero, mitima yao inkawerenga maola, kufuna kuti dzuwa lilowe msanga kuti akachepetse muyeso wa tirigu, akakweze mtengo, akakhotetse sikelo, ndi kugulitsa ngakhale mankhusu osesa pansi. Mneneriyo akutseka ndi mau oopsa akuti Mulungu walumbira kuti sadzaiwala ntchito zimenezi ngakhale imodzi.

Ife a kunyanja muyeso wabodza timaudziwa. Timachidziwa chitini chopinda kunsi, timalidziwa dengu la usipa wabwino pamwamba, wofumbwa pansi. Koma lero tikufuna kulankhula za malonda akuluakulu, amene angathe kugwetsa banja pa tsiku limodzi, ndiwo malonda a galimoto.

Bambo wina wa mu mphakati wathu wina, amene dzina lake sititchula, adasunga ndalama za nzimbe zaka zitatu. Mai akunyumba adaonjezerapo ngongole ya ku banki m'khonde. Cholinga chao chidali kugula kagalimoto konyamula anthu pakati pa Dwangwa ndi Nkhotakota, kuti ana apeze fizi. Pa foni adaona chithunzi cha galimoto yonyezimira, yoikidwa ndi ogulitsa ena a ku Lilongwe. Pansi pake padalembedwa kuti yangofika kumene kuchokera ku Japan, idayenda mtunda wochepa, sidachitepo ngozi, ndipo mtengo ndi wotsika kwa sabata imodzi yokha. Atafika pa malowo adamuuza kuti ya pa chithunzi ija yagulidwa dzulo, koma ilipo inzake yofanana nayo. Mtengo udakwera pang'ono, ati chifukwa cha mapepala. Bambo uja, poganiza za ndalama ya basi imene adaononga kale ndi manyazi obwerera chimanjamanja, adalipira.

Adadutsa Salima bwinobwino. Asanafike pa mlatho wa Chia injini idatentha, utsi nkutulukira kutsogolo. Makaniko amene adaitsegula adapeza kuti m'injinimo adathiramo oilo wokhuthala wobisa phokoso, kababu kochenjeza za vuto adakachotsa, mita yowerenga makilomita adaibweza m'mbuyo, ndipo kunsi kwa penti watsopano kudali zipsera za ngozi yaikulu. Ataimba foni, yankho lidali lakuti katundu akatuluka pa geti sabwezedwa. Akuluakulu adanena kale kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Abale athu, sitikunena kuti onse ogulitsa magalimoto ndi otere. Alipo ambiri oopa Mulungu, ndipo ena mwa iwo akutimva tsopano lino. Koma njira zachinyengozi zafala, ndipo tiyenera kuzitchula maina kuti chikumbumtima chathu chisazolowere. Kuika chithunzi cha galimoto imene palibe, kuti munthu abwere basi, ndi bodza. Kulengeza mtengo wochepa nkubisa msonkho ndi zolipira zina mpaka pa tsiku losainira, ndi bodza. Kusintha chaka chimene galimoto idapangidwa, kubweza mita, kunena kuti sidachitepo ngozi pamene ukudziwa kuti idagubuduzika, zonsezi ndi sikelo yokhota ya masiku ano. Munthu wochita zimenezi amaphwanya malamulo awiri pa kamodzi: lachisanu ndi chitatu, pakuti wanama, ndi lachisanu ndi chiwiri, pakuti watenga ndalama imene mwini wake sakadapereka akadadziwa zoona. Ndipo ngati chobisikacho chili m'mabuleki kapena m'chiongolero, wayandikiranso lamulo lachisanu, chifukwa galimoto imeneyo idzanyamula amai ndi ana pa mseu wa M5.

Ena amafunsa kuti: kodi wogulitsa ayenera kunyoza katundu wake yemwe? Funso limeneli si latsopano. Thomas Aquinas Woyera, mphunzitsi wa Eklezia amene adamwalira mu 1274, adaliyankha popereka chitsanzo cha kavalo, amene adali galimoto ya masiku amenewo. Iye adaphunzitsa kuti ngati chilema chili poyera, monga kavalo wa diso limodzi, wogulitsa sakakamizidwa kuchilengeza, malinga atsitse mtengo moyenera. Koma ngati chilema chili chobisika, ndipo chingathe kudzetsa ngozi kapena kuluzitsa wogula, monga kavalo wotsimphina wogulitsidwa ngati waliwiro, kukhala chete ndi chinyengo, ndipo wogulitsayo ayenera kubweza zimene mnzake wataya. Motero palibe tchimo kutamanda galimoto yako pa zabwino zimene ili nazo. Tchimo lili pa kubisa chimene wogula sangathe kuchiona, chimene iwe ukuchidziwa bwino lomwe. Mu 1997 bungwe la Apapa loona za zofalitsa nkhani lidatulutsa chikalata chokhudza kutsatsa malonda, ndipo lidabwereza mfundo yomweyo, yakuti munthu angathe kunamiza anthu ndi zimene wanena, ndi zimene wangoonetsa, ngakhalenso ndi zimene wasiya dala osanena.

Tsono wina anganene mumtima mwake kuti: zimenezi ndi zam'tchalitchi, pa msika wochenjera ndiye amadya. Tiyeni tione ngati zili choncho, poyang'ana makampani akuluakulu a pa dziko lapansi, amene nzeru ndi chuma chao zimaposa za wamalonda aliyense wa kuno kwathu.

Kampani ya Volkswagen ya ku Germany idakhala zaka zambiri ikulengeza ku America kuti magalimoto ake a dizilo satulutsa utsi woononga. Mu Seputembala 2015 boma la America lidaulula kuti m'magalimotowo mudali kachipangizo kozindikira nthawi imene akuyesedwa. Pa mayeso utsi woipa unkachepa, koma pa mseu unkatha kufika kuwirikiza 40 muyeso wololedwa. Kampaniyo idavomera kuti magalimoto okwana pafupifupi 11 miliyoni pa dziko lonse adali ndi chinyengochi. Mkulu wake, Martin Winterkorn, adatula pansi udindo pasanathe sabata, ndipo zindapusa ndi zipukuta misozi zidaposa ma euro 30 biliyoni. Chaka chotsatira, mu 2016, kampani ya Mitsubishi Motors ya ku Japan idavomera kuti inkanama pa za kamwedwe ka mafuta ka timagalimoto tokwana 625,000. Mtengo wa kampaniyo udagwa, ndipo chaka chisanathe gawo lake lalikulu, magawo 34 pa 100 aliwonse, lidagulidwa ndi Nissan. Makampani onse awiri adakalipo, koma dzina limene adalimanga kwa zaka zambirimbiri lidadetsedwa pa masiku owerengeka, ndipo amene adavutika nalo adali antchito ndi ogulitsa ang'onoang'ono osadziwa kanthu. Buku la Miyambo, pa mutu 22, limaika mbiri yabwino patsogolo pa chuma chambiri, ndipo nkhani ziwirizi zikuchitira umboni. Madzi akatayika saoleka.

Ngati zili choncho ndi makampani a kutsidya kwa nyanja, nanga bwanji kuno kwathu, kumene tonse timadziwana? Bambo wa ku Dwangwa uja sadalembe kalata ku nyuzipepala. Adangofotokoza pa maliro, pa depoti ndi pa chigayo. Lero palibe mlimi wa dera lake amene angapite ku malo aja, ndipo akamva mnzao akuganiza zopitako amamletsa. Wogulitsa uja adapindula kamodzi nkutaya mudzi wathunthu, koma iye mwini sadziwa chifukwa chimene anthu a kunyanja adalekera kubwera. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Palinso choipa china chimene sichioneka msanga. Mu 1970 katswiri wina wa za chuma wa ku America, George Akerlof, amene adadzalandira mphotho ya Nobel mu 2001, adafotokoza zimene zimachitika pa msika wa magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito. Ogula akalephera kusiyanitsa galimoto yabwino ndi yoipa, amayamba kukayikira onse, ndipo amapereka mtengo wotsika pa iliyonse. Mwini galimoto yabwino, poona kuti mtengo sukufika, amaichotsa pa msika. Zotsala zimakhala zoipa zokhazokha, ndipo kukayika kumakulirakulira. Ife sitisowa sukulu yaukachenjede kuti timvetse zimenezi. Nsomba ikaola imodzi, zonse zaola. Wabodza mmodzi amabera wogula wake, naberanso wamalonda mnzake wachilungamo, amene tsopano ayenera kulumbira ndi kulumbira kuti anthu amkhulupirire. Nchifukwa chake Eklezia imaphunzitsa kuti bodza limaononga chikhulupiriro chimene chimamanga anthu pamodzi.

Tibwerere kwa bambo uja, pakuti gawo lalikulu la nkhani yake sitinalifikebe. Patapita miyezi iwiri, ngongole ikumsowetsa tulo, anzake adamlangiza kuti athiremo oilo wokhuthala uja, aitsuke bwino, akaigulitse ku Nkhata Bay kumene sakudziwika. Adabwera kwa ife madzulo ena nafunsa kuti: Bambo mfumu, ine adandinamiza, kodi ndikagulitsa monga momwe adandigulitsira ine, tchimo ndi langa kapena ndi la amene adayamba?

Funso limeneli ndi lathu tonse. Ambiri mwa ife sitidzakhala ndi bwalo logulitsira magalimoto, koma tonse tidzagulitsapo njinga, njinga yamoto ya kabaza, foni, bwato, injini ya boti, mbuzi kapena thumba la mpunga. Ndipo chiyeso chimakula kwambiri pamene ifenso tidalakwiridwa, chifukwa mtima umati ndikungobweza zanga. Koma munthu wa ku Nkhata Bay uja sadatilakwire. Nayenso ali ndi mkazi amene watenga ngongole, nayenso ali ndi ana ofuna fizi. Kumpatsira tsoka lathu sikuchotsa tsokalo pa dziko, kungolisuntha, ndipo pa ulendowo limatenga ndi mzimu wathu womwe. Mu Mthenga Wabwino wa lero Ambuye akuti kukhulupirika kwa munthu kumayesedwa pa zinthu zazing'ono ndi pa chuma cha eniake, ndiponso kuti munthu mmodzi sangatumikire Mulungu ndi chuma pa nthawi imodzi. Mapanga awiri avumbwitsa.

Bambo uja adapita kwao osayankha. Pambuyo pake tidamva kuti adaigulitsa kwa makaniko wina wa konkuno, atamuonetsa chilema chilichonse, pa mtengo wotsika kwambiri. Sitikuuzani kuti adalemera pambuyo pake, pakuti sizidatero. Ngongole akubwezabe, ndipo mwana wake wamkulu adayamba wadikira chaka chimodzi asanapitirize sukulu. Chilungamo chili ndi mtengo wake, ndipo ife tikadakubisirani zimenezi tikadakhala otsatsa malonda abodza ifenso. Koma munthu ameneyu amayenda pa msika wa Dwangwa osazemba aliyense, amalandira Ukaristia ndi mtima woyera, ndipo ana ake adaona ndi maso ao kuti Mkristu ndi munthu wotani.

Kwa inu amene mumagulitsa magalimoto, eni malo ndi antchito omwe, ndi inu madobadoba amene mumalumikiza ogula ndi ogulitsa, mau athu si okutsutsani koma okuitanani. Mtengo umene mwalemba ukhale umene munthu adzalipire. Chithunzi chikhale cha galimoto imene ilipodi. Mita isiyeni inene zoona. Lolani wogula abwere ndi makaniko wake. Ndipo ngati mudanyenga kale, khomo silinatsekedwe. Mu 1987 zidaululika kuti kampani ya Chrysler ya ku America inkagulitsa ngati atsopano magalimoto ena amene akuluakulu ake adayamba ayenda nawo mita itazimitsidwa. Mkulu wa kampaniyo, Lee Iacocca, adaima pamaso pa atolankhani, navomera kulakwa, napepesa, nalonjeza kulipira ogulawo, ndipo anthu ambiri adamlemekeza chifukwa cha kutero. Ngati munthu angachite zimenezi pofuna kupulumutsa dzina la kampani, koposa kotani Mkristu pofuna kupulumutsa mzimu wake? Kumbukirani Zakeyo wa ku Yeriko. Chipulumutso chidalowa m'nyumba mwake pa tsiku limene adalonjeza kubweza kanayi kwa onse amene adawanyenga. Mu Sakramenti la Kulapa, tchimo la kuba silitha ndi mau okha. Pafunika kubweza, monga momwe munthu angathere.

Inu antchito amene bwana amakutumani kunena zabodza, tikudziwa kuti ntchito ndi yosowa ndipo ana kunyumba akufuna nsima. Sitikukupeputsirani katundu wanu. Komabe yambani ndi chimene mungathe: musalumbire pa chinthu chimene mukudziwa kuti nchonama, ndipo wogula akakufunsani mwachindunji, musamkankhire m'dzenje.

Kwa inu ogula, Ambuye adayamikira kapitao wosakhulupirika uja chifukwa cha kuchenjera kwake, osati chifukwa cha kuba kwake, ndipo adadandaula kuti ana a kuwala amagona tulo. Kukhala Mkristu sikukhala wopusa. Safunsa adadya phula. Pitani ndi makaniko wanu amene mumamdziwa. Lizani injini m'mawa isanatenthe. Yang'anani ngati nambala ya chasisi ikufanana ndi ya m'bulu buku, ndipo katsimikizeni ku ofesi ya Road Traffic musanalipire. Onani chiongolero, mipando ndi popondera: ngati zatha pamene mita ikunena mtunda wochepa, china chake chikunama. Zonse zimene wogulitsa walonjeza zilembedwe pa pepala, asaine, ndipo musunge lisiti pamodzi ndi chithunzi cha chilengezo chimene chidakukopani. Musatumize ndalama pa foni kwa munthu amene simunamuone, ngakhale atanena kuti galimoto ili kale pa doko la Dar es Salaam kapena pa chipata cha Songwe. Ndipo akakuuzani kuti lipirani lero lomwe mawa yatha, kumbukirani kuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Dziwaninso kuti malamulo a dziko lathu ali kumbali yanu. Lamulo loteteza ogula la chaka cha 2003 limaletsa kutsatsa malonda monyenga. Lilipo bungwe la boma la Competition and Fair Trading Commission, limene limalandira madandaulo otere, ndipo lamulo latsopano la mu 2024 lidaliwonjezera mphamvu zolipiritsa olakwa. Kudandaula kumeneko sikubwezera choipa. Ndi chikondi kwa amene akubwera pambuyo panu. Paulo Woyera lero akutipempha kupempherera olamulira, ndipo tiwapempherere kuti malamulo amenewa asangogona m'mabuku.

Koma ogula nafenso tisadziyeretse. Buku la Miyambo lomwe lija, pa mutu 20, limamseka wogula amene amanyoza katundu pa msika kuti atsitse mtengo, kenaka nkumakadzitama kunyumba. Amene amagula galimoto ya mai wamasiye pa mtengo wa nkhuku, podziwa kuti maiyo sadziwa mtengo wake ndipo ali pa mavuto, ali pa mzere umodzi ndi amalonda a Amosi.

Inu akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati, sabata ino kambiranani mafunso atatu awa. Loyamba: kodi pa malonda athu a tsiku ndi tsiku, a nsomba, a mpunga, a makala, muyeso wathu ndi woona? Lachiwiri: alipo kodi munthu amene tidamgulitsa chinthu tikubisa chilema chake, ndipo tingambwezere bwanji? Lachitatu: mu mphakati mwathu muli amakaniko ndi madalaivala, kodi sangadzipereke kuperekeza mbale amene akukagula galimoto kapena njinga yamoto, kuti asapite yekha? Inu makolo, ana anu amamva mau amene mumanena pogulitsa mbuzi kuposa amene mumanena pa mapemphero a madzulo. Katekisimu woyamba wa lamulo lachisanu ndi chitatu amaphunzitsidwa pa khonde la nyumba.

Tipemphere. Inu Mulungu Atate athu, amene mumaona za m'kati mwa mkuyu ndi za m'kati mwa mtima, tipatseni milomo yonena zoona ndi manja oyesa mwachilungamo. Dalitsani amalonda onse a dziko lathu, limbitsani amene akuluza chifukwa cha chilungamo, tonthozani mabanja amene adanyengedwa, ndipo tembenuzani mitima ya onyenga kuti abweze ndi kupeza mtendere. Sungani onse oyenda pa miseu yathu. Tikupempha zimenezi kudzera mwa Kristu Ambuye athu. Amen.